Mutu wa nkhani ya matenda a m'maganizo: ukope owerenga osavulaza odwala

"Zikomo akatswiri. Ndine mtolankhani wamkazi, ndangoyamba kumene kulemba nkhani za umoyo pa nyuzipepala ina ya pa intaneti ku Lilongwe. Mwezi watha ndinalemba za amayi amene amadwala matenda a kukhumudwa akangobereka. Mutu wanga unali wakuti 'Umoyo wa m'maganizo ndi wofunika kwa amayi'. Anthu sanaiwerenge. Akonzi anausintha n'kukhala 'Zoopsa! Mayi apenga atangobereka', ndipo nkhaniyo inafalikira m'magulu a WhatsApp. Kenako mayi wina anandilembera kuti apongozi ake anamutumizira mutuwo pomunyoza, moti tsopano akuopa kupita kuchipatala. Mtima wanga sukukhazikika. Kodi ndisankhe pakati pa mutu wozizira womwe palibe angaudine ndi mutu wokopa womwe ukuvulaza anthu? Nanga timitu ting'onoting'ono ntchito yake n'chiyani kwenikweni? Komanso ndimachita mantha ndi nkhani za anthu odzipha. Mitu yake ndiziilemba bwanji?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo khazikani mtima pansi. Simukuyenera kusankha pakati pa ziwirizo. Mitu yonse iwiri mwatchulayo ili ndi chilema chimodzi: palibe umene ukulankhula ndi mayi wodwalayo. Woyamba ukulankhula ndi anthu a pamsonkhano wa kuhotela. Wachiwiri ukulankhula ndi anthu okonda kuseka anzawo. Mayi amene wachezera usiku akulira, khanda lili pamiyendo, sakupezekamo. Akonzi anu akunena zoona pa chinthu chimodzi, chakuti nkhani yabwino yokhala ndi mutu wakufa ndi ntchito yotayika. "Umoyo wa m'maganizo ndi wofunika kwa amayi" ndi chiganizo chimene palibe angachitsutse, ndipo n'chifukwa chake palibenso angachidine. Koma mankhwala a mutu wozizira si kukuwa. Mankhwala ake ndi kutchula chinthu chenicheni chimene munthu akumva m'thupi ndi mumtima mwake.

Choyamba muvomereze kuti anthu ambiri nkhani yanuyo saitsegula, amangowerenga mutu basi. Mu 2016 ofufuza a ku Columbia University pamodzi ndi bungwe la Inria la ku France anapeza kuti malinki 59 pa 100 alionse amene anthu ankagawana pa Twitter sanadinidwe ndi munthu aliyense. Kuno kwathu pali chifukwa china chowonjezera. Ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, ndiye linki ikabwera pagulu la mpingo kapena la pachibale, chimene akuona ndi chithunzi, mutu, ndi kachiganizo kamodzi pansi pake. Akadina, tsamba silitseguka. Choncho chenjezo lonse limene munaliika m'ndime yachisanu, mawu a namwino amene munawaika kumapeto, zonsezo sizinawafike apongozi aja. Chinawafika ndi mawu akuti "apenga". Muyeso wa mutu wa nkhani ya matenda a m'maganizo ndi umenewo: ukhale woona ndi wosavulaza ngakhale utayenda wokhawokha, popanda nkhani yake.

Tsono muzilembera ndani? Owerenga alipo a mitundu itatu: wodwala mwiniwake, wachibale amene akumusamala, ndi wongodutsa. Akonzi ambiri amathamangira wongodutsa chifukwa ndi amene ali ochuluka. Inu muzilembera awiri oyambawo. Iwowa ndi amene amafufuza pa Google pakati pa usiku, amawerenga mpaka kumapeto, n'kusunga linkiyo, ndipo ndi amene amabweranso patsamba lanu. Munthu wotere kawirikawiri salemba dzina la matenda pofufuza. Amalemba zomwe akumva: kusagona, mtima kuthamanga, kuganiza kwambiri, mutu kulemera, kusafuna kudya, kukwiya msanga, kusowa mtendere. Anamwino a m'zipatala zathu amadziwa kuti odwala matenda a kukhumudwa ambiri amabwera akudandaula za thupi, osati za maganizo. Mutu wanu uyambire pomwepo. Mwachitsanzo, "Kuganiza kwambiri mpaka kusagona: muyambire pati?" Munthu amene zikumuchitikira adziona nthawi yomweyo, ndipo mutuwo sukunyoza aliyense.

Nkhani yanu ya amayi ija ndikanaipatsa mutu wakuti "Kulira kosatha mutabereka? Thandizo lilipo kuchipatala". Taonani zimene mutu umenewu ukuchita. Ukutchula chizindikiro chimene mayiyo akuchidziwa, ukulankhula naye mwaulemu, ndipo ukumusonyeza khomo. Mawu akuti "kosatha" ali ndi ntchito, chifukwa amayi ambiri amalira ndi kusinthasintha mtima m'masiku oyambirira akabereka ndipo zimatha zokha pasanathe milungu iwiri. Zikapitirira apo, ndiye pamafunika kuonana ndi achipatala. Bungwe la World Health Organization limanena kuti m'mayiko amene akutukuka kumene, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amene angobereka amakhala ndi vuto la m'maganizo, makamaka kukhumudwa. Mutu wa akonzi anu unalinso wabodza, kuwonjezera pa kunyoza. Kusokonezeka maganizo kwenikweni mayi akabereka, kumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zomwe kulibe, ndi matenda ena osiyana, amagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000, ndipo amafunika chipatala tsiku lomwelo. Nkhani yanu sinali ya matenda amenewo. Mfundo imeneyi ndi imene mungapite nayo kwa akonzi, chifukwa mkonzi aliyense amaopa mutu wosagwirizana ndi nkhani kuposa momwe amaopera mutu wankhanza.

Pali mawu amene sayenera kulowa m'mutu ngakhale zitavuta bwanji: wamisala, wopenga, wozungulira mutu, wosokonekera, ndi nthabwala ija yakuti "wa ku Zomba". Chipatala cha Zomba Mental Hospital ndi malo ochiritsira anthu, ndipo nthawi iliyonse dzina lake likagwiritsidwa ntchito ngati chitonzo, banja lina limaganiza zobisa wodwala m'nyumba. Ena amati awa ndi mawu a tsiku ndi tsiku, bwanji tiziwaopa. Ku Zambia lamulo la 1949 la matenda a m'maganizo linali ndi mawu onyoza a mtundu womwewu, khoti lalikulu linawadzudzula mu 2017, ndipo lamulo latsopano la 2019 linawachotsa. Ngati malamulo akutha kusintha mawu, tsamba la nkhani silingalephere. Muzitchula munthu poyamba, matenda pambuyo: "mayi amene akudwala matenda a kukhumudwa", "mnyamata amene akulandira thandizo la matenda a m'maganizo". N'zoona kuti mawuwa ndi otalika, ndipo m'mutu malo ndi ochepa. Njira yake ndi kusatchula munthuyo m'mutu, n'kutchula chizindikiro kapena thandizo.

Musamalenso ndi nkhani za kupolisi ndi kukhoti. Munthu akavulaza mnzake, achibale kapena anthu a m'mudzi amafulumira kunena kuti "mutu wake sukoka", ndipo mtolankhani amaika zimenezo m'mutu ngati kuti dokotala watsimikiza. Pokhapokha khoti kapena chipatala chitanena kuti matenda anali mbali ya nkhaniyo, musaziike. Anthu ochuluka odwala matenda a m'maganizo sachita zachiwawa, ndipo kawirikawiri iwo ndi amene amachitiridwa nkhanza. Khunyu nalonso musalisakanize ndi misala m'mutu wa nkhani, ngakhale kuti m'zipatala zambiri odwala ake amaonedwa pa kiliniki imodzi.

Vuto lina, limene olemba a mtima wabwino amagweramo kwambiri, ndi kulonjeza zambiri. "Njira 5 zothetsera dipuleshoni lero" (dipuleshoni ndi matenda a kukhumudwa aja) ndi mutu wodinidwa, koma munthu amene wayesa zonse zisanu n'kudzuka mawa ali chimodzimodzi amayamba kuganiza kuti iyeyo ndiye wosachizika. Mankhwala a matenda a kukhumudwa ngati fluoxetine ndi amitriptyline amatenga milungu ingapo kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo uphungu nawo sutheka tsiku limodzi. Manambala m'mutu si olakwika. "Zinthu 5 zothandiza mukamasowa tulo chifukwa cha nkhawa" ndi mutu woona, chifukwa ukulonjeza kuthandiza, osati kuchiza. Kusiyana kwake kuli pa mneni: "zothandiza", "zochepetsa", "zoyambira" ndi mawu amene nkhani ingawakwaniritse, pamene "zothetseratu" ndi "zochiziratu" ayi. Chimodzimodzi mitu yopima munthu matenda, yonga "Mukaona zizindikiro izi, muli ndi dipuleshoni". Tsamba la pa intaneti silipima munthu. Nenani kuti "Zizindikiro izi zikapitirira milungu iwiri, kaonaneni ndi achipatala". Milungu iwiriyo si yongopeka, ndi nthawi imene madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a kukhumudwa.

Mitu ya mankhwala ndi ya mapemphero imafuna dzanja lofewa. "Mankhwala a m'maganizo ndi oopsa" ungachititse munthu kusiya kumwa mankhwala usiku womwewo, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumabweza matenda, nthawi zina mwamphamvu kuposa kale. Mutu wakuti "Anachira ndi pemphero atataya mankhwala" ndi woopsa mofananamo. Sindikunena kuti muzinyoza chikhulupiriro cha owerenga anu. Ambiri amayamba kwa abusa, kwa ashehe kapena kwa sing'anga, ndipo mutu wowaseka umangowathamangitsa. Mutu wonga "Pemphero ndi chipatala: mungachite zonse ziwiri" umawasunga pafupi popanda kuwanamiza.

Tifike pa nkhani imene mukuiopa, ndipo mantha anuwo ndi oyenera. Pa nkhani za kudzipha, mutu wolakwika ukhoza kuchotsa moyo wa munthu wina. Izi zinafufuzidwa kwa zaka zambiri. Ku Vienna m'dziko la Austria, manyuzipepala ankalemba mokweza za imfa zochitikira m'njanji za sitima za pansi pa nthaka. Mu 1987 akatswiri anagwirizana ndi atolankhani kuti asinthe kalembedwe, ndipo m'miyezi yotsatira imfa zotere zinatsika ndi kuposa theka. Ku America, wosewera mafilimu Robin Williams atamwalira mu Ogasiti 2014 ndipo nkhani zambiri zitafotokoza mmene anafera, ofufuza anapeza kuti m'miyezi yotsatira mpaka Disembala imfa zodzipha zinakwera ndi pafupifupi 10 pa 100 kuposa zomwe zinkayembekezeka. Munthu amene ali kale pamphepete akaona mutu wofotokoza za wina wofanana naye, wa msinkhu wake, wa ngongole ngati yake, ndi njira imene anagwiritsa ntchito, maganizo amene anali osalongosoka amasanduka pulani. World Health Organization pamodzi ndi International Association for Suicide Prevention ali ndi kabuku ka malangizo kwa atolankhani, kanatuluka koyamba mu 2000 ndipo kanakonzedwanso komaliza mu 2023. Kapezeni, n'kaulere, ndipo kasindikizeni kuti kazikhala pa desiki ya akonzi.

Mwachindunji, m'mutu musatchule njira. Apa Chichewa chathu chimatikola mosazindikira, chifukwa mawu amene tinazolowera kumva pa wailesi, "wadzimangirira" ndi "wadzikhweza", akunena kale njirayo. Dzina la mankhwala kapena poizoni nalonso lisapezeke, osati m'mutu mokha komanso m'nkhani monse. Musatchule malo enieni, monga mlatho, mtsinje kapena nyumba. Musapereke chifukwa chimodzi. "Wadzipha chifukwa cha ngongole", "atakanidwa ndi chibwenzi", "atalephera mayeso a MSCE": mitu yotere imaphunzitsa wowerenga kuti vuto limenelo mathero ake ndi imfa, pamene zoona zake n'zakuti kudzipha kumabwera zinthu zingapo zikakumana, monga matenda a m'maganizo osachizidwa, mowa, kudzipatula, ndi mavuto a pakhomo. Komanso chifukwa chimene apolisi amanena tsiku loyamba chimakhala chochokera kwa achibale amene ali pa chisoni, sichinafufuzidwe. Musalembe kuti "wapumula" kapena "wathana ndi mavuto". Musatchule zomwe analemba m'kalata yotsanzika. Mawu akuti "mliri" muwapewe ngakhale apolisi atatulutsa ziwerengero zokwera, chifukwa amachititsa kudzipha kuoneka ngati chinthu chimene aliyense akuchita. Ndipo chithunzi chapamwamba, chimene chimayenda limodzi ndi mutu pa WhatsApp, chisakhale cha chingwe, botolo, malo a imfa kapena thupi.

Mwina mukufunsa kuti ndiye chatsala n'chiyani. Ngati imfa ya munthu mmodzi ili nkhani yoti ilembedwe, monga ya munthu wodziwika, mutu ungonena kuti wamwalira, zaka zake ndi chimene ankadziwika nacho. Zoti anadzipha zinenedwe kamodzi m'kati, modekha. Ngati ndi munthu wamba, dzifunseni ngati nkhaniyo ikufunika n'komwe. Ziwerengero za apolisi mungazilembe motere: "Apolisi atulutsa chiwerengero cha imfa zodzipha, akatswiri apempha uphungu m'zipatala". Koma pa nkhani yothandiza anthu, mawu akuti kudzipha musawabise, chifukwa munthu amene ali pamavuto amafufuza ndi mawu omwewo. "Maganizo ofuna kudzipha amatha: zoyenera kuchita usiku uno" ndi mutu umene ungamupeze. Kafukufuku wa Thomas Niederkrotenthaler ndi anzake ku Austria mu 2010 anasonyeza kuti nkhani za anthu amene anali ndi maganizo otere n'kupeza njira yodutsira zimayendera limodzi ndi kutsika kwa imfa. Nkhani zimenezi ndi zimene tikuzisowa m'Chichewa, ndipo zimadinidwa. Masiku a 10 Seputembala, lokumbukira kupewa kudzipha, ndi 10 Okutobala, la umoyo wa m'maganizo, akonzi amakhala akufuna nkhani, ndiye muzikhala mutakonzeratu zotere.

Tsopano za kutalika. Google imadula mutu ukapitirira zilembo pafupifupi 60, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndiye zilembo 60 zimatha ndi mawu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu okha. Taonani uwu: "Akatswiri achenjeza za kuchuluka kwa matenda a m'maganizo pakati pa achinyamata m'dziko muno". Uli ndi zilembo zoposa 90, ndipo pafoni udulidwa mawu akuti "achinyamata" asanafike, chonsecho iwowo ndiwo eni nkhani. "Achinyamata ndi nkhawa: zizindikiro ndi kopeza thandizo" uli ndi zilembo 55 ndipo ukunena zambiri. Mawu awiri oyambirira ndi amene diso limagwira munthu akamatsitsa foni ndi chala, choncho musawawononge ndi "Akatswiri ati", "Dziwani izi" kapena "Zoopsa". Kudulidwa kuli ndi ngozi inanso pa nkhani zathuzi. Mutu woyamba ndi vuto n'kumaliza ndi chiyembekezo ukadulidwa pakati, chimatsala ndi vuto lokha. Muziyesa kuphimba ndi chala zonse zopitirira chilembo cha 50, muone ngati chotsalacho n'chabwino kuti munthu wodwala achiwerenge.

Dziwaninso kuti nkhani imodzi imakhala ndi mitu ingapo. Pali umene umaoneka patsamba, wotchedwa H1. Pali wa Google, ndipo pali umene umatuluka pa Facebook ndi WhatsApp. Ngati tsamba lanu linapangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, zida zake zowonjezera monga Yoast SEO kapena Rank Math zimakulolani kulemba uliwonse paokha. Apa ndi pamene mungagwirizane ndi akonzi: wa patsamba ukhoza kutalikirapo, wa Google ukhale ndi mawu amene anthu amafufuza, ngakhale mawu obwereka ngati "dipuleshoni" kapena "sitiresi" ngati ndiwo akugwiritsidwa ntchito, koma yonse itsatire malamulo omwewo a ulemu. Musaiwale mawu a mu linki yeniyeniyo. WordPress imatenga mutu woyamba n'kuupanga adiresi ya nkhani, ndiye mukhoza kukonza mutu koma linki n'kumanenabe kuti mayi-apenga-atangobereka.

Kamutu ka pansi pa mutu, kamene ena amakaona ngati kokongoletsa, ndi kamene kamanyamula zomwe mutu walephera kunyamula. Cholakwika chofala ndi kubwereza mutu ndi mawu ena. Kamutu kayankhe mafunso amene mutu wadzutsa: zimagwira ndani, ndidere nkhawa liti, wanena ndani, ndipite kuti. Pa nkhani yanu ija kangakhale kotere: "Kulira kwa masiku oyambirira kumatha kokha. Kukapitirira milungu iwiri, uzani namwino kusikelo ya mwana, matendawa amachizika." Ndi ziganizo ziwiri, zilembo zosapitirira 150, ndipo zofunika kwambiri zili koyambirira chifukwa pafoni zimadulidwa pafupifupi pa 120. Ziganizo zomwezi muziike mu meta description, malo olembamo mawu amene amaoneka pansi pa mutu pa Google, apo ayi Google kapena Facebook idzadzitengera yokha chiganizo china cha m'nkhani, ndipo ikhoza kutenga chowawa kwambiri. Ngati nkhani ili ya kafukufuku, kamutu ndi malo onenera kukula kwake ndi komwe anachitikira. Mutu ukati "Chamba chikhoza kuyambitsa matenda a m'maganizo", kamutu kafotokoze kuti ngozi imakula kwa amene ayamba ali aang'ono ndi amene amasuta tsiku ndi tsiku. Mawu akuti "chikhoza" musawachotse pofuna kufupikitsa, chifukwa mukawachotsa mwasintha zomwe ofufuza anapeza.

Timitu ta m'kati mwa nkhani, ta H2, n'tofunika kwambiri pano kuposa pa nkhani ya mpira kapena ndale. Munthu amene ali ndi nkhawa kapena kukhumudwa amavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, chimenechi ndi chizindikiro cha matendawo. Sangawerenge mawu 1,200 ali mulu umodzi. Amatsitsa foni kufunafuna gawo lake. Ikani kamutu pakatha mawu 250 mpaka 350 alionse, ndipo kalikonse kanene chinthu, kasakhale mwambi kapena chophiphiritsa. "Mdima wa usiku" sikathandiza aliyense. "Zizindikiro zofunika chipatala lero lomwe" kamathandiza. Timitu ta mafunso timagwira bwino ngati mafunsowo ndi amene anthu amafunsadi: "Kodi ndingayamwitse ndikumwa mankhwala?", "Ndiwauze bwanji amuna anga?", "Kodi ndilipira?" Mukamaliza, werengani timitu tokhatokha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati tikufotokoza nkhani yonse mwachidule, ndipo tikuyenda kuchoka pa vuto kupita pa thandizo, zili bwino. Kamutu ka "Kopeza thandizo" kasakhale kumapeto kokha. Pa nkhani yokhudza kudzipha, ikani mzere wa thandizo pamwamba, ndime yoyamba ikangotha, chifukwa wofunika kwambiri kuuona mwina safika pansi.

Pansi pa kamutu kameneko mulembe malo enieni: chipatala cha boma lililonse kumene kuli anamwino kapena makiliniko ofesa a matenda a m'maganizo, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, Zomba Mental Hospital, ndi nambala yaulere ya 116 ya YONECO yothandiza ana. Nambala iliyonse muiimbe kaye nokha musanaisindikize, ndipo muziibwereza kuiyesa pakapita miyezi. Musakopere manambala a ku America kapena ku Britain kuchokera m'nkhani zachingerezi. Munthu amene walimba mtima kuimba n'kupeza kuti nambala sikugwira, kachiwiri saimbanso.

Pa kagwiridwe ka ntchito, mutu muziulemba nkhani itatha, ndipo muzilemba isanu kapena khumi musanasankhe. Woyamba kubwera m'maganizo nthawi zambiri umakhala wa chizolowezi. Mukasankha iwiri, muwerenge mokweza ngati mukuwerengera mchemwali wanu amene akudwala matendawo. Pamene mawu akukukanikani kutuluka, pamenepo pali vuto. Kwa akonzi musapite ndi madandaulo okha, pitani ndi mitu itatu yokonzeka, chifukwa mkonzi amene nthawi yamuthera amatenga chimene chili pafupi. Muwasonyezenso manambala oyenera. Mutu wokuwa umabweretsa anthu ambiri tsiku limodzi, amene amatuluka pasanathe masekondi ochepa. Nkhani yoyankha funso lenileni imabweretsa anthu kuchokera pa Google mwezi ndi mwezi. Google Search Console, yomwe ndi yaulere, imasonyeza mawu amene anthu analemba kuti akupezeni, ndipo mawu amenewo ndiwo mbewu ya mitu yanu yotsatira. Google imaika nkhani za umoyo m'gulu limene imaliyang'anitsitsa kwambiri pa kudalirika, ndipo Facebook yakhala ikutsitsa mitu yonyengerera kudina kuyambira 2014. Zimenezi akonzi amazimva.

Pali nthawi zimene simuyenera kudalira nzeru zanu zokha. Mutu uliwonse wotchula mankhwala, wotchula dzina la matenda monga schizophrenia kapena bipolar, wokhudza mwana, kapena wokhudza kudzipha, uonedwe ndi namwino, dokotala kapena mlangizi wa matenda a m'maganizo usanatuluke. Pezani mmodzi amene mungamamutumizire mutu ndi kamutu pa WhatsApp, sizitenga mphindi zisanu. Ngati nkhani ili ya munthu amene wakuuzani za matenda ake, muwerengereni mutu usanasindikizidwe, chifukwa iye ndi amene adzayende nawo kumsika ndi kuntchito. Akonzi akaumirira mutu wonyoza, malamulo a kagwiridwe ka ntchito a Media Council of Malawi ndi pothawira panu. Wowerenga akakulemberani kuti akufuna kudzipha, musayese kukhala mlangizi. Muyankheni msanga, mumuuze kuti mwamva, mumulimbikitse kuuza munthu amene ali naye pafupi ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mudziwitse akonzi. Inunso, mukaona kuti nkhanizi zayamba kukusowetsani tulo kwa milungu ingapo, kaonaneni ndi mlangizi. Atolankhani olemba za imfa ndi masoka, ngati amene analemba za namondwe Freddy mu Malichi 2023, amanyamula zambiri.

Za nkhani ili kale pa intanetiyo, sikunade. Pemphani akonzi lero kuti musinthe mutu, kamutu ndi chithunzi. Sinthaninso adiresi ya nkhani, koma amene amayang'anira tsamba aike redirect kuti linki yakale izitsogolera ku yatsopano. Facebook imasunga mutu wakale, ndiye lowetsani linkiyo mu Sharing Debugger, chida cha Facebook choonera mmene linki ikuonekera, n'kudina batani la Scrape Again, ndipo mu Search Console pemphani Google kuti iwerengenso tsambalo. Mauthenga amene anatumizidwa kale pa WhatsApp sasintha, koma aliyense wogawa kuyambira pano adzagawa mutu watsopano. Mukatero mulembereni mayi uja. Muuzeni kuti mutuwo unali wolakwika ndipo wasinthidwa, kuti chimene akudwala si misala, ndipo kuti akhoza kuyambira kwa namwino wa kusikelo ya mwana, kumene amapita kale mwezi ndi mwezi popanda wina kumufunsa chifukwa chake.